Nkhope ya Mthulisi pa khoma la tchalitchi

Apongozi anga, MaSibanda, anafika Lachisanu masana pa basi ya ku Nkayi atanyamula kasutikesi kawo, dzungu, kathumba ka mphalabungu zouma ndi chikwama chopanda kanthu. Dzungu ndinalilandira, mphalabungu ndinazilandira, koma maso anga anali pa chikwamacho. Anachiika pafupi ndi chitseko, osati kuchipinda.

Ndinawapatsa madzi osamba m'manja, tiyi ndi buledi. Anandifunsa za m'thupi, ine ndinawafunsa za ng'ombe. Lindelwe, mwana wanga wa zaka zinayi, anali pamiyendo pawo akuseweretsa mikanda ya m'khosi mwawo. Atamaliza tiyi anakankhira kapu patali.

"Chikwamacho n'cha zovala za mwanayu," anatero. "Tinakhala pansi kumudzi, azakhali ake ndi abambo ake aang'ono. Lamulungu m'mawa ndibwerera naye."

"Ndalakwa chiyani, amayi?"

"Tikumva kuti dzuwa limakulowerani muli panja, MaTshuma. Muli m'zakuda, mwamuna wanu sanathe ndi chaka chomwe m'manda, koma inu muli m'magulu a anthu, pakati pa amuna, mukukoka zingwe. Mwana mumamusiya kwa aneba. Ndi mwana wa banja lathu la a Ndiweni ameneyu."

Sindinakane, chifukwa zonsezo zinali zoona. Mwamuna wanga Mthulisi anamwalira mu Okutobala ndi mutu wa masiku anayi okha. Ankagwira ntchito kwa a Mabhena, amene ali ndi masikirini akuluakulu, mapulojekita ndi nyali za pa maukwati, pa misonkhano ya mipingo ndi pa madansi muno mu Bulawayo. Tizigawo ta sikirini tikafa timababu ankabwera nato kunyumba, ndipo patebulo lomweli anandiphunzitsa kuwotcherera. Sukulu ndinalekeza Fomu 2 ndili ndi mimba ya Lindelwe, koma manja anga sanjenjemera ndipo diso langa siliphonya mtundu. Titaika maliro, a Mabhena anandiitana kuti ndikakhale pa mpando wake. Ndinalira milungu itatu, wachinayi ndinapita.

"Ntchito yathu imayamba dzuwa likalowa, amayi," ndinatero. "Kuwala sikuoneka masana. Koma musamve za anthu. Mawa tili ndi ntchito pa tchalitchi ku Luveve. Tiyeni mukaone nokha zimene ndimachita. Mukakaona choipa, mwana mumutenge, zovala ndidzalongedza ndekha."



"Ku tchalitchi?"

"Akukumbukira amayi a mpingo aja anafa pa ngozi ya basi zaka khumi zapitazo, akuchokera ku msonkhano."

Apongozi anga nawonso ndi mayi wa mpingo, yunifolomu yawo imakhala yositidwa m'sutikesi nthawi zonse. Anapukusa mutu pang'onopang'ono ngati akuikumbukira ngoziyo.

"Ndikaona," anatero.

Koma panali chinthu chimodzi chimene sindinkafuna kuti akaone.

Makina amene timagwiritsa ntchito amabwera kuchokera kunja ali ndi zithunzi zawo zoyesera mitundu: zipatso, maluwa, akazi achizungu akumwetulira. Ukakonza mitundu potengera zimenezo, nkhope ya munthu wa kwathu imatuluka ngati wadzola phulusa, pena ngati biringanya. Mthulisi zinkamunyansa zimenezi. Tsiku lina anaima pa khoma la kumene timasungira katundu, atagwira khadi lotuwa pachifuwa, mnzake wa kuntchito Gatsheni n'kumujambula. Amayang'ana kutsogolo, amatembenukira kumanzere, kumanja, kenako amaseka. Masekondi makumi anayi, opanda mawu, amangobwerezabwereza. Kuyambira tsiku limenelo, ntchito iliyonse, anthu asanafike, nkhope yake imakwera pa sikirini kapena pa khoma. Nkhope ya Mthulisi ikaoneka bwino, ndiye kuti mkwati aoneka bwino, abusa aoneka bwino. Ili pa batani loyamba la kompyuta. Palibe amanena kuti "ika choyesera". Tonse timati, "Ika Mthulisi."

Atamwalira palibe anati tisiye. Inenso sindinanene. Zithunzi zake za m'nyumba apongozi anazichotsa m'makoma tsiku la maliro n'kuzitsekera m'sutikesi, chifukwa kwa a Ndiweni nkhope ya womwalira siionetsedwa mpaka umbuyiso, mwambo umene amakatenga mzimu wake kuthengo n'kuulowetsanso m'nyumba patatha pafupifupi chaka. Foni yake inapita kumudzi limodzi ndi nsapato zake. Yanga ndi ya mabatani. Choncho malo okhawo amene ndinkamuona anali kuntchito, sabata iliyonse, masekondi makumi anayi. Ndinkakonza mitundu pang'onopang'ono kuposa mmene zimafunikira, ndipo anzangawo ankakhala ngati sakuona.

Loweruka m'mawa ndinamukokera Gatsheni kuseri kwa lole tikutsitsa mabokosi. Gatsheni ndi amene amagwira kamera, anali mnzake wa Mthulisi kuyambira ali anyamata.

"Lero Mthulisi asaoneke. Apongozi akubwera masana ndi mwana."

"Ndiye mitundu tikonza ndi chiyani, mlamu? Ndi pemphero?"

"Ndi diso langa. Iwe ungotseka pakamwa pakopo."

"Pakamwa panga n'potseka kale. Mwawauza akuluakuluwo?"

Ndinapita kukawauza a Mabhena. Anali atagwada pa jenereta, manja ali mafuta okhaokha, foni atayipanikiza ndi phewa akukangana ndi munthu wa mipando. Anagwedeza mutu. Ndinaganiza kuti amva.

Khoma la tchalitchicho ndi la njerwa zofiira, lalitali ngati nyumba zitatu zosanjikizana, lili ndi mawindo awiri aatali ndi mtanda pamwamba. Mpingo unkafuna kuti nkhope za amayi makumi atatu ndi mmodzi zikwere pa khomalo imodziimodzi, dzina lililonse likamawerengedwa. Mabanja anabweretsa zithunzi: zina za pa chiphaso, zina zodula pa chithunzi cha ukwati, china chinali ndi banga la madzi pa tsaya. Ndinakhala milungu iwiri ndikuziyeretsa. Ndinkawadziwa onse ndi mayina.

Tinamanga nsanja yachitsulo pakati pa bwalo, n'kukwezapo mapulojekita awiri. Lililonse limawalitsa theka la khoma, ndipo pamene kuwala kwawo kumakumana payenera kusokedwa bwino kuti msoko usaoneke pa mphuno ya munthu. Gome langa tinaliika kumbuyo kwenikweni, kuseri kwa mipando yonse, pansi pa mtengo. Zingwe ndinaziyala ndekha n'kuzikwirira ndi mphira, chifukwa ndinkadziwa kuti kubwera agogo a ndodo.

Apongozi anafika cha m'ma 4 koloko atavala yunifolomu, atamugwira Lindelwe padzanja. Ndinawaikira mpando pafupi ndi gome langa ndi bulangete la m'miyendo, chifukwa mphepo ya mu Juni inali itayamba kale kuluma. A Mabhena anabwera kudzawalonjera chipewa chili m'manja. Gatsheni anawabweretsera mabanzi.

"Ameneyu ndi Ndlovu uja ankadya kwathu osasamba m'manja?" anafunsa apongozi akuloza Gatsheni.

"Ndine amene, gogo. Masiku ano ndimasamba Lamulungu lililonse."

Sanaseke, koma banzi analandira.

Anayang'ana zonse. Anayang'ana mmene amuna aja ankandiyankhulira, kumene ndinkaima, amene ndinkamupatsa chingwe. Ine ndinkangogwira ntchito.

Chovuta cha ntchito ya pa khoma ndi nthawi. Dzuwa likadali m'mwamba suona kanthu, ndipo mdima ukangogwa anthu amakhala afika. Tsiku limenelo pakati pa kulowa kwa dzuwa ndi kuyamba kwa mapemphero panali mphindi makumi anayi zokha. Dzuwa litangobisala kuseri kwa nyumba za ku Luveve ndinaponya mizere yoyera pa khoma, a Mabhena ali pa nsanja akupotokola mapulojekita. Mizere ya kumanzere inkakana kukumana ndi ya kumanja. Mphepo inali itasuntha nsanja pang'ono. Tinalimbana nazo mphindi khumi ndi zisanu, iwo akukuwa pa kawailesi, ine ndikuwerenga njerwa. Kenako jenereta inatsokomola, kuwala kunaphethira. Inapitiriza. Amayi a mpingo anali atayamba kulowa pa geti awiriawiri, makandulo ali m'manja.

"Basi, yakumana!" anakuwa a Mabhena pa kawailesi. "Nthawi yatha, MaTshuma. Ika Mthulisi!"

Chala changa chinadina batani loyamba.

Palibe amene ndingamuloze. Ndinachenjeza Gatsheni, ndinachenjeza a Mabhena, koma chala changa sindinachichenjeze. Miyezi isanu ndi itatu chinali chikumva mawu amenewo n'kudina, ndipo tsiku limenelo chinadina ine ndisanamve n'komwe.

Mthulisi anakwera pa khoma, kuyambira pansi pa mtanda mpaka pa maziko. Malaya ake a buluu aja, khadi lotuwa pachifuwa, chipsera cha pa nsidze chachikulu ngati chitseko. Anatiyang'ana tonse. Anatembenukira kumanzere.

"Baba!"

Lindelwe anapulumuka m'manja mwa agogo ake n'kuthamanga pakati pa mipando. Analowa m'kuwala, kachithunzithunzi kake kakang'ono kakugwera pa malaya a bambo ake. Anafika pa khoma n'kuika manja onse awiri pa njerwa. Mthulisi anatembenukira kumanja, kenako anaseka.

Apongozi anaimirira, bulangete linagwa. Sanakuwe. Anatsika pang'onopang'ono n'kukhala pansi pa fumbi, yunifolomu yositidwa ija, n'kukokera duku kumaso.

Ndinadina batani lozimitsa. Khoma linabwerera kukhala njerwa.

"Mubwezeni! Mama, mubwezeni!" Lindelwe ankamenya khoma ndi zikhatho. Gatsheni anathamanga kukamunyamula, mwana akumuponda m'mimba. Amayi amene ankayala mipando anaima chilili.

Ndinagwada pafupi ndi apongozi. Anachotsa duku kumaso. Maso awo anali ouma.

"Mwana wanga akadali kuthengo," anatero motsitsa mawu. "Sitinamulowetse m'nyumba. Alibe pokhala. Inu mukumupachika m'makoma a eni ake?"

"Ndalakwa, amayi."

"Lero lokha?"

Ndikanatha kunama. Gatsheni akanandithandiza kunama, ndinamuona m'maso.

"Sabata iliyonse," ndinatero. "Ndi iye amene timayesera mitundu, kuti nkhope za anthu zizioneka ngati anthu. Anadzijambulitsa yekha ali moyo."

"Miyezi isanu ndi itatu mukumugwiritsa ntchito munthu wakufa. Ndiye apumula liti?"

A Mabhena anali atatsika pa nsanja, chipewa atachifinya m'manja.

"MaSibanda, mlandu ndi wanga. Mwanayu anandiuza m'mawa, ine pakamwa panga..."

"Chala chinali changa, a Mabhena," ndinatero.

Apongozi anadzuka okha, anakana dzanja langa. Anamulanda Lindelwe kwa Gatsheni n'kumubereka kumsana ndi bulangete lija ngati khanda.

"Ndaona," anatero. "Munati ndidzaone. Ndlovu, makombi opita m'tauni timakwerera kuti?"

Ndinayang'ana wotchi. Zinatsala mphindi makumi awiri. Ndinayang'ana timiyendo ta mwana wanga tikulendewera m'chiuno mwawo, sokosi imodzi itatsika. Kulira sikukanandithandiza, ndipo kuchonderera iwo sakukonda.

"Amayi, ndipatseni mphindi ziwiri. Bwerani muone ichi, kenako mupite."

Sananyamuke. Ndinatembenuza kompyuta kuti aione.

"Mthulisi ali malo atatu. Muno, m'kompyuta ina iyo yodikirira, ndi mu aka." Ndinatulutsa fulashi imene ndinkaivala m'khosi pa chingwe, mkati mwa diresi lakuda. Palibe ankadziwa za imeneyo, ngakhale Gatsheni. "Muno ndikufufuta. Onani. Umunso ndikufufuta."

"Mlamu, dikirani kaye," anatero Gatsheni.

Ndinafufuta. Kompyuta inandifunsa ngati ndatsimikiza, ndinavomera kawiri konse.

"Ine za makina sindizidziwa," anatero apongozi. "Ndidziwa bwanji kuti wachoka?"

"Dinani apa. Batani ili, loyambali."

Anatambasula chala n'kudina ngati akukhudza mbaula. Tonse tinayang'ana khoma. Panalibe kanthu, njerwa zokhazokha ndi mawindo awiri.

Ndinavula chingwe m'khosi n'kuwaikira fulashi m'dzanja, ndi manja awiri.

"Watsala muno mokha. Kulibenso kwina. Mukamuike m'sutikesi muja muli zithunzi zake."

Anaiyang'ana, kanthu kakang'ono ngati chala cha mwana. Anafumbata.

"Amayankhula?"

"Ayi. Amangoseka."

Sananene kuti mwana atsala. Sananenenso za makombi. Anabwerera pa mpando wawo n'kumutsitsa Lindelwe kumuika pamiyendo, mwana akusisima. Ine ndinalibe nthawi yowafunsa. Anthu anali atadzaza theka la mipando.

"Gatsheni, tenga khadi lina m'bokosi. Lozetsa kamera pa mtengopa, yatsa nyali, uime wekha."

Gatsheni ndi woyera ngati papaya lakupsa. Nkhope yake itakwera pa khoma la njerwa zofiira inkaoneka ngati yapsa ndi moto. Ndinachepetsa kufiira, ndinachepetsa kuwala, mpaka anaoneka ngati Gatsheni. Kenako ndinaika chithunzi choyamba, cha MaNyathi, amene anali mtsogoleri wa nyimbo. Anatuluka wakuda bii ngati khala, maso ndi kolala yoyera zokha zikuoneka. Ndinakweza kuwala. Anasanduka wotuwa ngati mtembo wa masiku atatu. Ndinachotsa msanga anthu asanatembenuke.

"Khungu lako n'lachabechabe, Gatsheni."

"Ndikadandaule kwa ndani, mlamu? Anandipatsa lomweli."

Ine sindikanatha kuima pa kamera. Gome likanatsala lopanda munthu, komanso wa m'zakuda saima pamaso pa gulu. A Mabhena anali atathamangira ku jenereta imene inayambanso kutsokomola. Ndinayesa ndi diso lokha, ndikukumbukira nkhope ya Mthulisi m'mutu, koma sizinatheke. MaNyathi anatuluka wofiirira, kenako wobiriwira m'masaya.

"Mayi ameneyu," anatero apongozi kumbuyo kwanga, "ana ake abwera?"

"Ali kutsogolo uko, mzere wachiwiri. Ana anayi ndi amuna awo."

"Anamulowetsa kale m'nyumba?"

"Kalekale, amayi. Zaka khumi zapita."

"Ndiye abwera kudzamuona ali chonchi?"

Ndinamva mpando ukukhwekhwereka. Anandiikira Lindelwe pamiyendo, fulashi anaimanga pa ngodya ya duku, n'kupita pansi pa mtengo pamene panaima Gatsheni.

"Choka apo, iwe papaya. Bweretsa chikhadicho." Anachigwira pachifuwa mozondotsa, koma khadi lotuwa lilibe kumwamba. "Khungu lija mwana wanga analitenga kwa ine. Abambo ake anali oyera ngati uyu. Ine ndili moyo, ndigwiritseni ntchito."

Gatsheni anandiyang'ana. Ndinamukodola ndi mutu kuti apite pa kamera.

Nkhope ya apongozi anga inakwera pa khoma. Ndinali ndisanaiyang'anitsitsepo, chifukwa mpongozi sayang'anitsitsa. Chipumi chinali chomwecho cha Mthulisi. Mmene fupa la tsaya limagwirira kuwala, pamene khungu limaderapo m'munsi mwa maso, zonse zinali zomwezo, kungoti zokalamba. Manja anga anadziwa pochita. Ndinachotsa kufiira kumene njerwa zimawonjezera, ndinabwezera kabuluu pang'ono, ndinakweza kuwala mpaka makwinya a pa chipumi anaoneka limodzilimodzi. Ndinkayang'ana iwo pansi pa mtengo, n'kuyang'ana khoma, n'kuyang'ananso iwo.

"Gogo wakula," anatero Lindelwe, chala chili m'kamwa.

"Tembenukirani kumanzere, gogo," anatero Gatsheni. "Kumanzere kwanu, osati kwa ng'ombe. Eya. Tsopano kumanja. Tsopano museke pang'ono, tione mano."

"Ndiseke chiyani? Pali choseketsa pano?"

"Pang'ono pokha, gogo, n'zantchito."

"Iyeyo unamuuza chiyani kuti aseke?"

Gatsheni anachotsa diso pa kamera.

"Ndinamuuza kuti asendere kumbuyo, makutu sakukwana pa sikirini."

Pakamwa pa apongozi panagwedezeka. Pa khoma zinaoneka bwino lomwe, pakamwa pa utali wa munthu wogona pakulimbana ndi kuseka, ndipo m'maso munadzaza madzi.

"Makutuwo ndi a abambo ake," anatero.

Ndinasunga mitundu imeneyo n'kuika MaNyathi. Anatuluka munthu. Khungu lake linali la munthu amene wangodzola mafuta akupita ku tchalitchi. Ndinadutsa mwachangu zithunzi zina zisanu, zonse zinakhala. Ndinazimitsa khoma belu likulira.

Mapemphero anayamba ndi nyimbo yopanda zing'wenyeng'wenye. A Mabhena anatsitsa nyali zonse za pa bwalo mpaka panatsala makandulo okha. Abusa ankawerenga dzina, ine n'kukweza nkhope pang'onopang'ono, kuisiya pamenepo mpweya usanu, n'kuitsitsa. Banja la mayiyo linkaimirira. MaNyathi atakwera, bambo wina wokalamba mu mzere wachiwiri anavula chipewa n'kunena mokweza, ngati akuyankha munthu, "Ndi yemweyo." Mayi wa chithunzi cha banga la madzi uja atakwera, mtsikana wina anakhala pansi n'kuyamba kulira, anzake akumugwira mapewa. Anali ndi zaka ziwiri pamene amayi ake ankakwera basi ija, azakhali ake ndi amene anandiuza pobweretsa chithunzicho.

Apongozi anakhala pafupi nane nthawi yonseyo, Lindelwe atagona pachifuwa pawo. Ankaimba nawo nyimbo motsitsa. Titafika cha pa dzina la makumi awiri anaweramira kwa ine.

"Mumakhala kuno nthawi zonse? Kumbuyo kwa anthu onse?"

"Nthawi zonse. Gome silikhala kutsogolo."

"Palibe amakuonani msana."

"Palibe amandiona n'komwe, amayi."

Anabwerera m'mbuyo. Anapitiriza kuimba mpaka dzina lomaliza, pamene nkhope zonse makumi atatu ndi imodzi zinakwera limodzi kuzungulira mawindo aja, bwalo lonse litaimirira.

A Mabhena anatiuza kuti tisadikire kumasula nsanja, anatiperekeza pa galimoto yawo. M'njira monse palibe anatchula za mwana. Kunyumba chikwama chija chinali pomwe chija, pafupi ndi chitseko. Ndinali nditalonjeza kuti ndidzalongedza ndekha, ndiye m'mawa kutacha ndinatulutsa zovala za Lindelwe n'kuzipinda pa bedi: madiresi atatu, juzi yofiira, nsapato za ku tchalitchi. Ndinapita kukatenga chikwama.

Ndinachipeza chili ndi katundu kale. Apongozi anali ataikamo yunifolomu yawo ya fumbi ija, nsapato zawo ndi bulangete. Anali atakhala pa mpando atavala za paulendo, akumwa tiyi amene anadziphikira okha.

"Zovala za mwanazo mukuzipititsa kuti?" anandifunsa.

"Munati Lamulungu m'mawa."

"Bwezerani. Mungondipatsako sopo ngati muli naye, wa kumudzi sachita thovu."

Ndinawaikira sopo muwiri, shuga ndi mafuta ophikira. Ndinabwezera madiresi m'kabati, ndipo ndinakhala kuchipindako kanthawi ndisanatuluke.

Tinawaperekeza ku Renkini, kokwerera mabasi akumidzi. Basi ya ku Nkayi inali ikudzaza, anyamata akukweza matumba a simenti ndi njinga pamwamba. Asanakwere anagwira ngodya ya duku pamene panali mfundo ija, kuti atsimikize.

"Azakhali ake andivutitsa," anatero. "Ndikawauza kuti ndaona ndekha. Koma mwana asamagone kwa aneba. Mukamachedwa muzimutenga, azigona pansi pa gome lanulo, ndaona pali malo."

"Ndamva, amayi."

"Umbuyiso ndi Loweruka lachiwiri la Ogasiti. Mubwere naye." Anaima kaye, phazi limodzi lili pa sitepe ya basi. "Makina anu aja, alipo aang'ono oti n'kukwera nawo basi?"

"Alipo. Amafuna jenereta yaing'ono basi."

"Mubwere nawo. Khoma la nyumba yanga ndilipaka laimu. Akalowa m'nyumba, tidzamuone tonse akuseka, kamodzi." Anandigwira dzanja, koyamba chimwalirire Mthulisi. "Miyezi iwiri si yambiri, mwana wanga. Ine ndapirira isanu ndi itatu."

Basi itanyamuka Lindelwe anaibayibitsa mpaka inakhota. Kenako anandikoka diresi.

"Mama, baba ali pa khoma lija?"

"Ayi. Wapita ndi gogo."

"Ali m'basi?"

"Ali m'basi."

Anaganiza pang'ono, n'kuvomereza. Tinawoloka msewu kukakwera kombi. Kunyumba kunali tizigawo ta sikirini tisanu ndi kamodzi tondidikira pa tebulo, ndipo Lachitatu tinali ndi ukwati ku Nkulumane.